Kuyeza chinyontho m'khoma ndi makina a NMR onyamulika: mmene mungachitire kuyambira poyamba

Amene munamangapo kapena munakhalapo m'nyumba ya lendi ya njerwa zootcha nkhani iyi mukuidziwa, penti imafufuma kumunsi kwa khoma, pulasitala amayoyoka ukangomukhudza ndi chala, kenako kaufa koyera kaja kangati mchere kamatuluka pamzere umodzi kuchoka pakona iyi kukafika pakona inayo. Ine khoma la pabalaza ndinalipenta katatu m'zaka ziwiri. Ulendo wachitatu mmisiri anabwera ndi kamita koyezera chinyontho ka timisomali tiwiri kaja, nkubaya pakhoma, kakulira, iye nkuti bwana apa madzi ndi ambiri dikirani kaye mvula ithe. Ndinadikira. Mu Ogasiti kunja kuli gwaa fumbi lokhalokha, kamita kaja kanaliranso chimodzimodzi pamalo omwe aja, ndiye apo mpamene ndinayamba kufunsa kuti kodi kanthuka kamayeza chani kwenikweni.

Sikayeza madzi ayi. Kamayeza mmene magetsi akudutsira pakati pa timisomali tiwirito, ndipo manambala ake anawakonzera matabwa osati njerwa. Khoma likakhala ndi mchere, olo madzi akhale ochepa bwanji magetsi amadutsa mosavuta, kamita nkumakuwa ngati khomalo langovuulidwa kumene mu mtsinje. Mamita ena opanda misomali aja, ongokhudzitsa pakhoma, nawonso amasokonezeka ndi mchere, ndi waya wobisika, ndi kulemera kwa njerwayo. Apa ndi pamene makina a NMR (Nuclear Magnetic Resonance), oyeza ndi maginito ndi mafunde a wailesi, amasiyana ndi onsewa, chifukwa iwo amawerenga haidrojeni wa m'madzimo mwachindunji, mchere ukhalepo kaya usakhalepo.

Ndifotokoze pang'ono mmene amagwirira ntchito chifukwa mukapanda kumva apa, masitepe onse akutsogoloku mudzangowatsatira ngati wakhungu. Ndi sayansi yomweyo ya MRI, makina a kuchipatala ojambula mkati mwa thupi. M'madzi muli haidrojeni, ndipo pakati pa atomu iliyonse ya haidrojeni pali pulotoni yomwe imachita ngati kamaginito kakang'ono zedi. Mukabweretsa maginito amphamvu pafupi timaginito timeneti timafola kuloza mbali imodzi, kenako koilo, waya wozungulizidwa wa m'makinawo, imatumiza mafunde a wailesi kwa kanthawi kochepa kuti itigwedeze, tikamabwerera m'malo timatulutsa kasiginolo kofooka komwe koilo yomweyo imamva. Madzi akachuluka siginolo imakula. Mafundewo amayenera kugwirizana ndi mphamvu ya maginito, yomwe imayezedwa mu tesla, ndipo tesla imodzi imafuna mafunde a 42.58 MHz, ndiye maginito a pafupifupi 0.3 tesla amayankhula pa 13 MHz kapena kuposerapo pang'ono. Kuti muone kukula kwake, MRI yomwe inaikidwa pa Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ija inathandiza pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, inali ya 0.35 tesla. Kusiyana kwake nkwakuti kuchipatala munthu amalowa mkati mwa maginito, pomwe apa khoma simungalilowetse mu chilichonse, ndiye maginito anawakonza kuti mphamvu yake izituluka mbali imodzi nkulowa m'khomamo.

Makina odziwika kwambiri a mtunduwu ndi NMR-MOUSE, anapangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany ndi gulu la Pulofesa Bernhard Blümich, ndipo anayamba kumveka cha mu 1996, poyamba ankayezera kwambiri labala wa matayala. Pano amagulitsidwa ndi kampani ya Magritek, alipo PM5, PM10 ndi PM25, nambalayo ikutanthauza mamilimita omwe makinawo amafika mkati mwa chinthu. Ku Italy anawagwiritsa ntchito pa zithunzi zojambulidwa pamakoma a ku Herculaneum, tauni ija inakwiririka ndi phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ndipo ku Rome akatswiri anayeza chinyontho pazithunzi za m'tchalitchi cha San Clemente ndi makina a mtundu womwewu. Malo ngati amenewo simungaboole khoma kuti mutenge sampulo, angakumangeni. Nchifukwa chake makinawa amakondedwa ndi osamalira nyumba zakale. Si chinthu chogula pa hadiweya, ndi chodula, chimapezeka m'mayunivesite ndi m'malabu, koma amene mukuphunzira zomangamanga kapena muli kunja ndipo mwapeza mwayi wochigwira, tiyeni tiyende limodzi.

Choyamba, yenderani khomalo ndi maso musanatulutse chilichonse m'bokosi. Onani kunja ngati dothi kapena khonde lakwera kupitirira pamene pali DPC, pulasitiki wakuda uja amayala pamwamba pa maziko, onani ngati madzi a padenga amagwera tsinde la khoma, onani kumene kwadutsa mapaipi. Kenako pezani zitsulo zonse zobisika. Izi musazidumphe chonde. Brickforce (waya uja amayala pakati pa mizere ya njerwa), mawaya a mu ring'i bimu, misomali, makonduiti achitsulo, zonsezi zimapotoza mphamvu ya maginito ndipo manambala amatuluka abodza, komanso maginitowa ndi amphamvu moti amatha kudzikokera okha kukhoma nkukupanani zala. Dutsitsani kachipangizo kofufuzira zitsulo, lembani ndi choko pamene pali chitsulo, nkusankha malo oyezera kutali nazo.

Za chitetezo ndinene kamodzi koma mwamphamvu: munthu amene ali ndi kabatire kothandiza mtima kugunda asayandikire olo pang'ono. Foni, wotchi, khadi ya ku banki, makiyi, sipanala, siyani patali. Ana amene amabwera kudzaonerera aja muwabweze.

Chachiwiri, jambulani mizere pakhoma. Ine ndimakonda kuyamba masentimita 10 kuchoka pansi, kenako 30, 60, 100 ndi 150, nkubwereza mzere wina womwewo mita imodzi kapena ziwiri chammbali, mpaka khoma lonse litakhala ndi timabokosi. Malo aliwonse apatseni nambala ndipo jambulani chithunzi, chifukwa mudzafunika kubwerera pamalo enieniwo nyengo ina. Makinawa amaona kadera kakang'ono, masentimita awiri mpaka anayi mbali zonse malinga ndi mtundu wake, ndiye mukaphonya ndi chikhatho chimodzi mwina mwachoka panjerwa mwafika pamatope omangira, ndipo ziwirizi sizisunga madzi mofanana. Sankhani pamalo posalala. Pakakhala mabampu makina sagona bwino pakhoma ndipo mamilimita anu ochepa aja mumawataya mumpweya.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri amachita nacho ulesi koma ndiye mtima wa ntchito yonse, kuwaphunzitsa makinawo njerwa yanu. Makina sakupatsani peresenti ya madzi, amakupatsani nambala ya siginolo basi, ndi inuyo amene mumaisandutsa peresenti. Yambani ndi madzi okhaokha m'kabotolo kagalasi kosalala pansi, ambiri amathiramo kopa salufeti pang'ono kuti kuyeza kufulumire, siginolo ya madzi okhawo muitenge ngati 100. Tiyerekeze khoma lakupatsani 15, ndiye kuti pafupifupi magawo 15 pa 100 a malo amene makina akuona ndi madzi. Koma samalani apa, imeneyo ndi peresenti ya malo osati ya kulemera. Magawo 15 pa 100 ndi makilogalamu 150 a madzi mu kiyubiki mita imodzi, ndipo ngati njerwa yanu youma imalemera makilogalamu 1,800 pa kiyubiki mita, 150 kugawa ndi 1,800 ikupatsani 8.3 peresenti ya kulemera. Anthu amakangana pamanambala awiriwa mpaka kutukwanana pamene onse akunena khoma limodzi. Njerwa zoumba pamanja sizilemera mofanana ndi za ku fakitale ndiye yezani yanu, musakopere nambala yangayi.

Nanga bwanji osangodalira kabotolo ka madzi kaja basi? Chifukwa cha chitsulo cha mu dothi. Kufiira kwa njerwa yootcha kuja ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chimazimitsa siginolo msanga kwambiri moti mbali ina ya madzi makina sayimva nkomwe, khoma lonyowa nkuoneka ngati louma. Simenti nayo imakhala ndi chitsulo pang'ono. Ndiye tengani chidutswa cha njerwa ya mtundu womwewo, kaya yotsala pomanga kaya yogumuka penapake, chiduleni chikhale ndi nkhope yosalala. Chiumitseni mu uvuni pa madigiri 105 mpaka sikelo itasiya kusintha, kutanthauza kuti mwayeza lero, mwayezanso mawa, kulemera kuli komweko. Ngati ndi jipisamu, pulasitala woyera uja, musafike kumeneko, iye ndi madigiri 40 okha, mukapitirira mumachotsa madzi amene ali mbali ya mwala weniweniwo ndipo masamu onse amaonongeka. Lembani kulemera kouma. Kenako chiviikeni m'madzi mpaka chikhute, pukutani pamwamba, yezani pasikelo, yezani ndi NMR. Chisiyeni chiume pang'ono, chikulungeni mu pulasitiki wopyapyala tsiku limodzi kapena awiri kuti madzi afalikire mofanana mkati monse, yezaninso pawiri ponse. Bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka chiumiretu. Masamu ake ndi a ku pulayimale, kulemera konyowa kuchotsa kouma, kugawa ndi kouma, kuchulukitsa ndi 100, ndiye chidutswa cha magalamu 112 chomwe chouma ndi magalamu 100 chili ndi 12 peresenti. Mukaika manambala a sikelo mbali imodzi, a siginolo mbali inayo, mumapeza mzere pafupifupi woongoka, ndipo mzere umenewo ndiye womasulira wanu pakhoma lonse. Pulasitala amafuna mzere wakewake, konkire wakewake. Zimatenga sabata kapena kuposa, inde, koma popanda izi makina a ndalama zambirimbiri aja akungokupatsani manambala okongola opanda tanthauzo.

Chachinayi, imikani makina. Maginito amakhala pa kachikepe koyenda ndi mota kamene kamawasuntha pang'onopang'ono, ndipo zonse pamodzi nzolemera ndithu, mufunika anthu awiri ndi choikapo cholimba chosagwedera, cha aluminiyamu kapena matabwa osati chachitsulo. Lumikizani ku bokosi la zamagetsi ndi laputopu. Asiyeni kaye akhale m'chipindamo mpaka atenthe mofanana ndi mpweya wa mmenemo, chifukwa maginito ake, omwe ndi a chitsulo chotchedwa neodymium, amafooka pafupifupi 0.1 peresenti pa digiri iliyonse yomwe kutentha kwakwera, ndipo akafooka kamzere ka mkati mwa khoma kamene akuyeza kamasuntha. Mukawachotsa m'galimoto yomwe yakhala padzuwa la Okutobala nkuyamba kuyeza pompo, theka la ola loyamba mwangotaya. Dzuwa lisawaombe poyeza.

Chinanso ndi phokoso la mawailesi. Paja 13 MHz ili m'dera lomwelo la shotiwevu, ndiye makinawa amatha kutola mawailesi akutali, ma inveta a sola, machaja otchipa, mababu ena, jenereta. Musanayambe, yezani kaye osatumiza chilichonse muone phokoso lili pati. Likachuluka zimitsani zamagetsi zapafupi, lumikizani waya wa ethi bwinobwino, ena amafunditsa makinawo nsalu ya ulusi wa kopa. Mukatero chunani koilo pomwe makina agona kale pakhoma, osati ali m'mwamba, chifukwa khoma lonyowa la mchere limasintha machunidwe.

Chachisanu, kuyeza kwenikweni. Mu pulogalamu mudzasankha njira yotchedwa CPMG, zilembo zoyamba za mayina a Carr, Purcell, Meiboom ndi Gill, imene imatumiza mafunde motsatizana nkumamvera siginolo ikubwerera kambirimbiri, ulendo uliwonse yocheperako, mpaka itazima. Pa njerwa ndi simenti ikani nthawi ya pakati pa kubwereraku ikhale yaifupi mmene makina angathere, ma microsecond osafika 100 (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), chifukwa cha chitsulo chija. Musathamangitse kubwereza, apatseni mapulotoni mpata wofolanso, mukafulumira siginolo imachepa ndipo mudzanamizira khoma kuti lauma. Ndipo zonse zimene mwasankha apa zikhale zomwezo munagwiritsa ntchito pa chidutswa cha njerwa chija, mukasintha chimodzi chokha mzere wanu womasulira wafa.

Siginolo imakhala yofooka ndiye makina amabwereza kambiri nkuphatikiza. Lamulo lake ndi lowawa pang'ono, kuti siginolo ioneke bwino kawiri muyenera kubwereza kanayi kuchuluka kwake, ndiye khoma louma limadya nthawi kuposa lonyowa. Kamzere kamene makina amamva ndi kopyapyala kwambiri, kosafika milimita, ndipo kamakhala pa mtunda umodzi wosasintha kuchoka pamaginito. Ndiye mumayamba makina atagunda khoma, apo kamzere kali mkati mwenimweni, kenako kachikepe kamabweza maginito m'mbuyo theka la milimita kapena milimita imodzi, kuyeza, kubwezanso, kuyeza, mpaka kamzere katatulukira kunja siginolo nkugwa kufika ziro. Pamene yagwerapo ndiye nkhope ya khoma, muziwerengera kuya kuchokera pamenepo. Malo amodzi kuyeza kuya konse amatha kudya ola lathunthu kapena kuposa. Nchifukwa chake ine ndimalangiza kuti pa timabokosi tonse tija muyeze pa kuya kumodzi kokha, mwachitsanzo mamilimita 5, kenako kuya konse muchite pamalo atatu kapena anayi amene aoneka okayikitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, kuwerenga zimene mwapeza, apa ndiye pokoma. Ngati madzi achuluka pankhope ya khoma penipeni nkumachepa mukamalowa mkati, ganizirani mpweya wonyowa wa m'chipinda umene ukusanduka madzi pakhoma lozizira, monga kubafa, kukhitchini kapena chipinda chomwe mawindo satsegulidwa, kapenanso mchere umene ukukoka chinyezi mumpweya. Ngati pankhope pali pouma koma madzi akuchuluka mukamalowa, gwero lili m'khoma momwemo. Likakhala lonyowa kwambiri pansi nkumachepa pokwera mpaka kutha cha pa mita imodzi, amenewo ndi madzi okwera kuchoka m'nthaka, DPC palibe kapena anang'ambika kapena pulasitala anamulumpha. Chigamba chonyowa chili pachokha m'mwamba, funani paipi kapena denga. Onaninso liwiro limene siginolo ikuzimira, madzi a m'timabowo tating'onoting'ono amazima msanga, a m'mabowo akuluakulu amachedwa, ndiye mumatha kusiyanitsa madzi omatirira mu simenti ndi madzi oyenda amene akulowa kumene.

Misampha iwiri. Woyamba, haidrojeni sali m'madzi mokha, ali mu penti ya mafuta, mu phula, mu guluu, mu vanishi, m'matabwa. Mukaona siginolo yakwera pa milimita yoyamba yokha pakhoma lopentedwa musathamangire kunena kuti ndi madzi. Wachiwiri, ndipo uwu ndi waukulu, mamilimita 25 amene PM25 imafika ndi ochepa. Khoma la njerwa yathunthu ndi pafupifupi mamilimita 230, pulasitala yekha amadya 12 mpaka 20, ndiye nthawi zambiri mukuona pulasitala ndi kachikopa ka njerwa basi. Za pakati pa khoma makinawa sanena kanthu.

Ndiye ngati nyumbayo si yakale yotetezedwa, sitepe yomaliza ndi kuboola ndithu malo awiri kapena atatu, amodzi onyowa kwambiri, ena ouma, kuti mutsimikize. Boolani pang'onopang'ono kuti kutentha kwa dirilo kusaumitse fumbi, tayani la pulasitala, tengani la pakati pa khoma, tsekerani m'kabotolo nthawi yomweyo, yezani, umitsani pa 105, yezaninso. Sikelo ikhale yowerenga mpaka 0.01 galamu chifukwa fumbilo ndi lochepa. Ndipo pali kanzeru kena kamene bungwe lofufuza zomangamanga la BRE ku Britain limalangiza pofufuza madzi okwera m'khoma, komwe aliyense angachite olo alibe NMR. Sungunulani mchere wa kukhitchini m'madzi mpaka wina utatsalira pansi osasungunuka, ikani m'chidebe chotseka bwino, mpweya wa mmenemo umakhazikika pa chinyezi cha 75 peresenti. Ikani fumbi lanu louma lija pakambale pamwamba pake osakhudza madziwo, dikirani masiku angapo mpaka sikelo itasiya kusintha. Kulemera kumene lawonjezera ndi madzi amene mchere wa m'khoma umakoka wokha mumpweya. Ngati nambalayi ikufanana ndi imene munapeza poumitsa fumbi la pakhoma lija, vuto lanu ndi mchere wotsalira, gumulani pulasitala wodwalayo muike watsopano. Ngati ya pakhoma ndi yaikulu kwambiri kuposa iyi, madzi akulowabe, ndipo kupenta kapena kupulasitala musanatseke gwero ndi kutaya simenti. Khoma langa lija linapezeka kuti linali ndi zonse ziwiri, khonde linakwera kuposa DPC ndipo mchere unali utadzaza mu pulasitala, tinatsitsa dothi ndi khonde kuti zikhale masentimita 15 pansi pa DPC kenako nkugumula pulasitala mpaka mita imodzi.

Amene nkhawa yanu ndi pansi pa simenti musanaike matailosi kapena kapeti wa pulasitiki, kumbukirani kuti masiku 28 aja amisiri amadikira ndi a kulimba kwa konkire osati kuuma kwake. Amisiri a ku Britain amawerengera milimita imodzi patsiku pa fulo yopyapyala yosapitirira mamilimita 50, yokhuthala imachedwa kuposa apo. NMR pa fulo imathandiza kuona mmene kuuma kukulowera kuchoka pamwamba sabata ndi sabata osaswa kanthu, bola pasakhale waya wa meshi pafupi. Opanda makina, matani pulasitiki woonekera wa masentimita 45 mbali zonse pafulo ndi tepi m'mbali monse, musiyeni maola osachepera 16, mukapeza timadontho kunsi kwake kapena simenti yada, musaike kanthu. Mukapanda kupeza madontho sizikutanthauza kuti mkati mwauma, zangotanthauza kuti tsiku limenelo sipanatuluke kanthu.

Lembani zonse m'kope limodzi, tsiku, ola, kutentha ndi chinyezi cha m'chipinda, mvula inagwa liti komaliza, nambala ya malo, kuya, ndi zonse munasankha mu pulogalamu. Muyeze mu Febuluwale mvula ili pakati, mubwererenso pa timabokosi tomwe tija kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, manambala awiriwo muwaike pambali pa anzake malo ndi malo.